Injini ya galimoto yomwe ndagula ikukana kuzungulira: kodi ndiyambire pati?

Mwini Corolla analemba kuti:

Akuluakulu nonse odziwa za magalimoto, ndabwera kudzapempha nzeru pa vuto lomwe landisowetsa tulo. Masabata awiri apitawo ndinagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, Toyota Corolla ya injini ya 5A-FE, yoyendera petulo, ya magiya osintha ndi dzanja. Yemwe anandigulitsa anandiuza mosabisa kuti galimotoyo yakhala itaima panja kwa zaka 3, koma anatsimikiza kuti tsiku lomwe anaiimika inkalira bwinobwino, ndipo chomwe chinamulepheretsa kuiyendetsa ndi matenda, osati vuto la injini. Ndinakhulupirira mawu akewo chifukwa kunja ndi mkati mwa galimotoyo mukuonetsa kuti inkasamalidwa, choncho ndinalipira n'kuikoka mpaka kunyumba.

Nditaika batire latsopano, ndinapotokola kiyi. Magetsi onse a pa dashibodi anayaka, kenako ku sitata kunamveka kulira kumodzi kokha kwa chitsulo chogunda chinzake, magetsi aja n'kuzilala, koma injini sinasunthe ngakhale pang'ono. Ndinabwereza kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo womaliza nditagwira waya wonenepa wochokera ku batire ndinapeza watentha kwambiri, mpamene ndinachita mantha n'kusiya. Tsiku lotsatira ndinaika sipanala pa bawuti yaikulu ya pule yakutsogolo kwa injini, galimoto ili pa nyutulo, ndipo ndinakoka ndi mphamvu za manja anga okha, koma zinali ngati ndikukoka mtengo wozika mizu.

Oyilo alimo, ndipo pa kachitsulo koyezera akufika pakati pa mizere iwiri ija, ngakhale kuti ndi wakuda komanso wokhuthala. Mu ladiyeta madzi ndi ochepa ndipo ndi ofiirira. Mnzanga wina akuti tiimange chingwe, tiikoke ndi galimoto ina ili m'giya, kenako nditaye kilatchi mwadzidzidzi kuti injini imasuke, pomwe wina akuti injiniyo inanoka kalekale ndipo ndingofunafuna ina. Mtima wanga sukuvomera njira ziwiri zonsezi. Kodi ndingadziwe bwanji chomwe chagwira injiniyi ndisanaimasule yonse, nanga ilipo njira yoimasulira popanda kuwononga zomwe zikadali zabwino mkatimo?

Makaniko Wopuma Pantchito anayankha kuti:

Achimwene, mwachita bwino kusiya kupotokola kiyi. Sitata ikakanika kuzunguza injini imakoka magetsi ochuluka zedi, n'chifukwa chake waya uja anatentha, ndipo mukanapitiriza mukanaipsereza. Ngakhale pa injini yabwino, sitata siyenera kugwira ntchito kupitirira masekondi 10 mpaka 15 osapuma.

Chinthu choyamba chomwe ndikufuna mumvetse n'chakuti mawu akuti injini yagwira amatchula chizindikiro chabe, koma matenda ake ndi osiyanasiyana, ndipo mankhwala a matenda amodzi amapha injini yomwe ikudwala matenda ena. Pa zaka zonse zomwe ndinakhala m'galaja, ndinaona injini zambiri zikuweruzidwa kuti zafa pomwe cholakwa chinali kunja kwenikweni kwa injiniyo. Choncho yambirani kunja, chifukwa n'kosavuta ndipo sikuwononga kanthu. Chotsani malamba onse oyendetsa olitaneta, pampu ya madzi, pampu ya chiwongolero ndi kompuresa ya mpweya wozizira ngati ilipo, kenako zunguzani pule ya chilichonse ndi dzanja. Olitaneta yomwe yakhala panja zaka 3 imatha kuchita dzimbiri mkati mpaka kuuma, ndipo lamba akamangika bwino imatha kugwira injini yonse. Mukatero masulani sitata n'kuichotsa, popeza nthawi zina kagiya kake kamakanirira m'mano a flywheel, gudumu lolemera lomwe lili kumbuyo kwa injini, osabwerera. Pomaliza tsimikizani kuti giyabokosi ilidi pa nyutulo: kwezani ndi jeke tayala limodzi lakutsogolo n'kulizunguza, ndipo pamene mukuyesa sipanala pa pule, wina akhale ataponda kilatchi mpaka pansi. Zonsezi mukachita koma injini n'kukhalabe chigwirire, pamenepo ndiye kuti vuto lili mkati.

Mkatimo muli zinthu zinayi zomwe kawirikawiri zimagwira injini, ndipo chilichonse chili ndi kamvekedwe kake m'manja mwa munthu wogwira sipanala. Choyamba ndi madzi kapena petulo wodzaza mu silinda. Mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika, choncho pisitoni ikakwera n'kukumana ndi madzi imaima pomwepo. Injini yotere mukaibweza m'mbuyo pang'ono imavomera, koma mukaipititsa kutsogolo imakaima pamalo amodzimodzi, ndipo mukangochotsa mapulagi imazungulira n'kulavula madziwo. Chachiwiri ndi chitsulo chomwe chathyoka kapena kugwera mu silinda, monga vavu, kachitseko kolowetsa kapena kutulutsa mpweya mu silinda. Injini yotere imayenda gawo la mzungulire mbali zonse ziwiri, kenako imagunda ndi phokoso louma la chitsulo. Chachitatu ndi mabeyaring'i a krankishafuti (chitsulo chachikulu chomwe mapisitoni amazunguza) omwe anapsa chifukwa chosowa oyilo, kapena pisitoni yomwe inafufuma ndi kutentha n'kukanda khoma la silinda. Izi zimachitika injini ikuyenda, osati itaima, ndipo ndi zomwe anthu amatanthauza akamati injini yanoka. Chachinayi ndi dzimbiri lomwe lamata maringi, timikombero tachitsulo tozungulira pisitoni, ku khoma la silinda chifukwa chokhalitsa, ndipo injini yotere siisuntha ngakhale pang'ono, kaya kutsogolo kaya m'mbuyo.

Malinga ndi momwe mwafotokozera, ine ndikukayikira dzimbiri, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Injini ya masilinda 4 ikazima, nthawi zonse pamakhala silinda ina yomwe vavu yake yatsala yotsegula, kaya ya mbali yolowera mpweya kapena ya mbali ya ekizozi. Usiku kukazizira, chinyezi chimalowera pa vavu yotsegulayo n'kusanduka timadontho pa khoma la silinda, ndipo popeza oyilo yemwe anali pakhomapo anatsikira kale mu sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, chitsulo chimakhala pambalambanda. Maringi ndi khoma la silinda zonse ndi zachitsulo chochita dzimbiri, ndipo mpata wapakati pake ndi wochepa kwambiri, moti dzimbiri lochepa ngati lopaka pa chikhadabo ndi lokwanira kuimitsa injini yonse. Komabe kukayikira kwanga si umboni, ndipo mawu a wogulitsa si umboninso, chifukwa nthawi zina galimoto imaimikidwa kaamba koti inanoka, mwini wake n'kusankha kusakumbukira zimenezo.

Umboni weniweni uli mu oyilo. Tsanulirani oyilo yense m'beseni loyera, ndipo muonetsetse zomwe zikuyamba kutuluka mukangomasula bawuti ya sampu, popeza madzi ndi olemera kuposa oyilo ndipo amakhala pansi. Kenako tengani beseni lija n'kupita nalo padzuwa. Mukaona tizidutswa tonyezimira, makamaka tofiirira ngati mkuwa, dziwani kuti mabeyaring'i anadyeka, ndipo palibe mankhwala othira pa bowo la pulagi omwe angathandize. Dulaninso fyuluta ya oyilo, tambasulani pepala lamkati mwake n'kuyang'ana m'mapindo mwake, chifukwa m'menemo ndi momwe zitsulo zodyeka zimakodwa. Podula musagwiritse ntchito sowo, popeza utuchi wa chitsulo cha fyulutayo ungakusokonezeni.

Mukatha izi chotsani mapulagi onse anayi. Pa injini ya 5A-FE mapulagi amakhala pansi pa timachubu takuya, choncho yambani mwapukuta kapena kuuzira fumbi ndi madzi zomwe zili m'timachubumo, kuti zisagwere mu silinda. Ikani mapulagiwo mondondozana kuti mudziwe komwe iliyonse yachokera, chifukwa pulagi ya nsonga yadzimbiri imakulozerani silinda yodwala. Ngati mungapeze kakamera kakang'ono ka pa waya kolumikiza ku foni, kalowetseni pa bowo la pulagi n'kuona khoma la silinda ndi maso anu. Dzimbiri limaoneka lofiirira komanso lamathothomathotho, pomwe pisitoni yomwe inagwira chifukwa cha kutentha imasiya mizere yoongoka yochokera pamwamba kutsika pansi. Mutiuze zomwe mwapeza musanathire chilichonse mkatimo.

Dalaivala wa Lole anayankha kuti:

Zomwe afotokoza bambo makanikowa ndi zomveka, koma ine ndikuona kuti mnzanu wonena zokoka uja sanalakwitse kwenikweni. Ndinakhalapo ndi pikapu yomwe inaima chaka chathunthu, ndipo itakana kulira tinaikoka pamalo osalala ili m'giya yachitatu, ndinataya kilatchi kawiri, ulendo wachiwiriwo injini inamasuka ndipo tsiku lomwelo inalira. Inkatulutsa utsi wobiriwira kwa masiku angapo ndipo inkamwa oyilo kuposa kale, koma inandigwirira ntchito. Munthu amene alibe zipangizo komanso nthawi yodikira masabata awiri kuti mankhwala omasula dzimbiri agwire ntchito amafuna njira yachidule, ndipo kulemera kwa galimoto ndi mphamvu yomwe ilipo kale. Mfundo yokha yomwe ndingawonjezere ndi yakuti njirayi imatheka pa galimoto ya magiya a dzanja yokha, popeza ya otomatiki matayala ake sazunguza injini mukamaikoka, ndipo kuikoka mtunda wautali injini isakulira kumawononga giyabokosi.

Mayi Wokonza Mainjini anayankha kuti:

Bambo dalaivala, ndikulemekeza zomwe munakumana nazo, koma ndikupempha mwini galimotoyi kuti asatsate njira imeneyo. Pikapu yanu inamasuka chifukwa dzimbiri linali lochepa, ndipo kumwa oyilo komwe mwatchulako mwina kunali chizindikiro chakuti ringi ina inathyoka kapena khoma la silinda linakandika tsiku lomwelo. Munthu akataya kilatchi galimoto ikuthamanga, mphamvu yonse ya galimoto yolemera pafupifupi tani imodzi imadutsa mu krankishafuti n'kukagwera pa konirodi imodzi (chitsulo cholumikiza pisitoni ku krankishafuti) ndi pisitoni imodzi yomwe yagwirayo. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, ndipo timakoma tomwe timalekanitsa maringi ake n'topyapyala, choncho ngati dzimbiri lili lolimba kuposa timakomato, chomwe chimagonja ndi pisitoniyo.

Ndikunena izi chifukwa ndinalakwitsapo ndekha ndili wophunzira ntchito. Anatibweretsera galimoto yomwe inazima itadutsa m'madzi osefukira, ndipo ine, pofuna kuonetsa changu, ndinaika paipi yaitali pa sipanala n'kudendekera ndi thupi lonse ndisanachotse mapulagi. Injini inasuntha pang'ono, ine n'kusangalala, koma titaimasula tinapeza konirodi ya silinda yachiwiri itapindika ngati uta, ndipo pisitoni yake inkalekezera mamilimita angapo pansi pa zinzake. Mpaka lero sindingalumbire ngati anaipinda ndi madzi panthawi yozimayo kapena ndi manja anga, koma nkhope ya mwini galimotoyo pamene ankauzidwa kuti injini yonse iyenera kutsitsidwa sindinaiiwale.

Ngati zitsimikizika kuti ndi dzimbiri, chida chachikulu ndi kuleza mtima. Thirani mu silinda iliyonse pafupifupi mamililita 50 a mafuta olowerera m'dzimbiri. Ena amagwiritsa ntchito ogula m'chitini, ena dizilo kapena palafini, ndipo ambiri a ife timasakaniza oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, wotchedwa ATF, ndi asetoni mulingo wofanana. Ziwirizi sizigwirizana kwa nthawi yaitali, choncho muzikhutchumula botolo nthawi iliyonse musanathire, ndipo mukumbukire kuti asetoni amayaka msanga komanso amawononga penti, motero pasakhale moto kapena fodya pafupi. Mukathira, bwezeretsani mapulagi mongokhazika ndi dzanja kuti mankhwalawo asauluke komanso fumbi lisalowe. M'mawa uliwonse muziyang'ana: silinda yomwe mafuta ake atsika ndiye kuti adutsa m'maringi ndipo ili bwino, pomwe yomwe mafuta ake akhala chikhalire ndiyo yomwe yamatidwa. Muziwonjezera pomwe patsika, ndipo musakhudze sipanala kwa masiku atatu oyambirira.

Ikafika nthawi yoyesa, mapulagi akhale atachotsedwa. Cholinga si kuzunguza injini, koma kuigwedeza, pang'ono kutsogolo, pang'ono m'mbuyo, kuti dzimbiri lisweke pang'onopang'ono mafuta n'kumalowa m'ming'alu yake. Bawuti ya pule si malo abwino ogwiritsirapo mphamvu zambiri, chifukwa mukakokera mbali imodzi imamasuka, mukakokera mbali inayo imamangika mopitirira muyeso mpaka kuduka, ndipo kuchotsa bawuti yodukira mu krankishafuti ndi ntchito yowawa. Njira yomwe ndimaikonda pa galimoto ngati yanuyi, yomwe imakokera matayala akutsogolo, ndi kuiika m'giya yachisanu pamalo athyathyathya, anthu awiri n'kumaikankha ndi manja kutsogolo ndi m'mbuyo mofatsa ngati akutonthoza mwana. Giya yapamwamba ndiyo imapatsa matayala mphamvu yokwanira yozunguzira injini, ndipo popeza mukukankha ndi manja, mphamvuyo siingafike poswa chitsulo. Jambulani kamzere ka choko pa pule ndi pa chivindikiro chapafupi, kuti ngakhale itasuntha milimita imodzi yokha muone. Ikasuntha pang'ono, imani, thiraninso mafuta, mudzapitirize mawa.

Pali chinthu china chomwe ambiri amaiwala, ndicho mavavu. Injini yokhalitsa imathanso kukhala ndi vavu yomwe yauma m'njira yake. Tsegulani chivindikiro chapamwamba pa hedi, womwe ndi mutu wa injini momwe mumakhala mavavu, thirani oyilo watsopano pa makamushafuti ndi pa mavavu onse 16, ndipo injini ikayamba kusuntha muziyang'anitsitsa ngati vavu iliyonse ikubwerera ikakankhidwa. Ngati patatha masabata awiri kamzere ka choko kaja sikanasunthe, vomerezani kuti hedi iyenera kuchotsedwa, kuti dzimbiri lipalidwe ndi dzanja, ndipo mwinanso pisitoni itulutsidwe mutamasula konirodi yake kuchokera pansi.

Mwini Corolla analembanso kuti:

Zikomo kwambiri bambo makaniko, mayi, komanso inu bambo dalaivala, chifukwa ngakhale sindinatsate njira yanu, mwandithandiza kumvetsa chifukwa chomwe anthu amaikondera. Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna ndibwere ndi zomwe ndaona ndi maso.

Nditachotsa malamba, olitaneta inali yolimba koma inkazungulira, ndipo zina zonse zinali bwino. Sitata ndinaichotsa, koma injini sinasinthe. Oyilo atatsanulidwa, kunayamba kutuluka madzi osakwana supuni ziwiri, kenako oyilo wakuda, ndipo padzuwa sindinaone chonyezimira chilichonse, ngakhale m'pepala la fyuluta. Mapulagi atatu anali akuda chabe, koma ya silinda yachitatu inali ndi dzimbiri mpaka ku nsonga. Kakamera ndinabwereka, ndipo mu silinda imeneyo ndinaona mkombero wofiirira kuzungulira khoma lonse, pamwamba penipeni pa pisitoni, pomwe masilinda enawo makoma ake ankaonekabe timizere topingasa ta ku fakitale.

Ndinathira ATF wosakaniza ndi asetoni monga munanenera mayi. Mu silinda yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi mafuta ankatsika usiku umodzi wokha, koma mu yachitatu anakhala masiku 5 osasuntha. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza atatsika pang'ono. Tinayamba kugwedeza galimoto ili m'giya yachisanu ine ndi mng'ono wanga, madzulo aliwonse kwa mphindi zochepa, ndipo dzulo, lomwe linali tsiku la 9, tinamva kaphokoso kakang'ono ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma, ndipo nditathamangira kutsogolo ndinapeza mizere ya choko ija itasiyana pafupifupi chala chimodzi. Ndinaima pomwepo n'kuthiranso mafuta. Lero m'mawa yazungulira ndi sipanala mizungulire iwiri yathunthu, ngakhale kuti pali malo amodzi pomwe imalemera, ndipo mavavu onse akubwerera. Mtima ukufuna ndibwezeretse sitata ndi mapulagi n'kuiliza lero lomwe, koma ndaona kuti ndiyambe ndafunsa.

Makaniko Wopuma Pantchito anayankhanso kuti:

Nkhani imeneyi yandikondweretsa kwambiri, achimwene, koma lero musailize. Malo olemera aja ndi pomwe maringi akudutsa pa mkombero wa dzimbiri, ndipo muyenera kupitiriza kuizunguza ndi dzanja, mukuthira oyilo wa injini pang'ono mu silinda yachitatu, mpaka kulemerako kutachepa kwambiri. Muzizunguza motsata mbali yomwe injini imazungulirira ikamalira, yomwe pa injini yanuyi ndi mbali yomwe mivi ya wotchi imayendera mukaima moyang'anizana ndi pule.

Kumbukirani kuti mafuta onse omwe munathira kwa masiku 9 anatsikira mu sampu, ndipo anatenga dzimbiri n'kupita nalo kumeneko. Atsanuleni onse, ndipo ngati mungathe, masulani sampu yeniyeniyo n'kuitsuka, chifukwa ndi mwayi wanu woona kasefa ka paipi yomwe pampu imakokera oyilo. Kasefa kameneka kakatsekeka ndi matope a oyilo wakale, injini yomwe mwaipulumutsa ku dzimbiri imatha kunoka m'mphindi zochepa chifukwa chosowa oyilo. Ikani fyuluta yatsopano ndi oyilo watsopano. Lamba wa taimingi musinthe ngakhale akuoneka wabwino, popeza labala yemwe wakhala zaka 3 atapindika pamalo amodzi sadalirika. Petulo wakale yemwe ali mu thanki mumuchotse yense, chifukwa petulo wokhalitsa amasanduka ngati ulimbo ndipo amamata mainjekita ngakhalenso mavavu. Tsegulaninso bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuonamo, poti makoswe amakonda kumangamo zisa.

Mukabwezeretsa sitata, mapulagi akhalebe kunja. Chotsani fyuzi ya pampu ya petulo ndipo dulani magetsi opita ku koyilo kuti pasakhale moto, phimbani mabowo a mapulagi ndi chiguduli, kenako zunguzani injini ndi sitata masekondi 10 n'kupumira, mobwerezabwereza, mpaka getsi lofiira la oyilo litazima. Mukatero mafuta otsala m'masilinda amalavulidwa, ndipo oyilo amafika ku mabeyaring'i injini isanasenze katundu. Osamanga mapulagi mu silinda muli mafuta ambiri, chifukwa mungadzipangire nokha vuto lija la pisitoni yokumana ndi madzi. Kwa owerenga ena omwe ali ndi injini ya dizilo, mfundo imeneyi ndi yofunika koposa, popeza mpata wotsala pamwamba pa pisitoni ndi wochepa kwambiri, komanso injini ya dizilo imatha kuyaka ndi mafuta otsalawo n'kuthamanga yokha mosalamulirika.

Ikalira, idzatulutsa utsi wambiri kwa kanthawi, ndipo zimenezo zisakuopseni. Chomwe muyenera kutchera khutu ndi kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini, ndipo mukakumva, kapena getsi la oyilo likayaka, zimitsani nthawi yomweyo. Musaiponde mafuta, ingoisiyani ilire payokha mpaka itatentha, maso anu ali pa muvi wa kutentha.

Nkhani ya madzi ochepa mu ladiyeta ija sindinaiiwale. N'kutheka kuti anangouma kapena kudontha pa paipi, ndipo supuni ziwiri za madzi mu sampu zikhoza kukhala chinyezi chabe cha zaka 3, komabe n'kuthekanso kuti gasiketi ya hedi inkadontheza madzi mu silinda yachitatu, ndipo n'chifukwa chake dzimbiri linasankha silinda imeneyo. Tsukani ladiyeta, dzazani madzi osakaniza ndi mankhwala ake oletsa dzimbiri, ndipo injini ikamalira idakali yozizira muone ngati pakamwa pa ladiyeta pakutuluka thovu losalekeza. Ikatentha musatsegule chivindikiro chimenecho. Pomaliza yezani kompuresheni, kutanthauza mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya, ya masilinda onse injini ili yotentha. Pa injini ya petulo ya mtundu umenewu, silinda yomwe yatsika pansi pa mabaa 10 (baa ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), kapena yomwe yasiyana ndi zinzake kupitirira baa imodzi, ili ndi vuto. Mukapeza yotsika, thiranimo supuni yaing'ono ya oyilo n'kuyezanso. Muvi ukakwera, vuto ndi maringi kapena khoma la silinda, koma ukakhala pomwepo, yang'anani mavavu kapena gasiketi.

Mwini Corolla analembanso kuti:

Bambo makaniko ndi mayi, injini yalira. Ndinachita zonse mwandondomeko yomwe munapereka, ndipo kasefa ka mu sampu ndinakapeza katatsekeka pafupifupi theka ndi matope akuda, moti ndinazizidwa m'thupi poganiza kuti ndikanailiza tsiku lija. Getsi la oyilo linazima pa ulendo wachitatu wozunguza ndi sitata. Nditamanga mapulagi atsopano inalira mosavuta, inafuka utsi kwa mphindi pafupifupi 20, kenako utsiwo unachepa. Pansi sipakumveka kugogoda, muvi wa kutentha ukuima pakati, ndipo pakamwa pa ladiyeta sindinaone thovu.

Kompuresheni ndayeza dzulo. Silinda yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi zikusonyeza mabaa 12 iliyonse, koma yachitatu ikusonyeza mabaa 9, ndipo nditathiramo supuni ya oyilo inakwera kufika pa 11.5. Malinga ndi zomwe munandiphunzitsa, ndikumva kuti maringi a silinda imeneyo akadali omatirira m'ngalande zawo, kapena khoma lake linadyeka pomwe panali dzimbiri paja. Maganizo anga ndi oti ndiiyendetse mofatsa makilomita 500, ndisinthenso oyilo ndi fyuluta, kenako ndiyezenso, ndipo tsiku lililonse ndizionanso mulingo wa madzi ndi wa oyilo ndisanailize. Ngati silinda yachitatuyo idzakhalebe pansi pa mabaa 10, ndidzachotsa hedi kuti khomalo liyezedwe ndi anthu a makina. Mayi, popeza inu mumatsegula injini zotere kawirikawiri, kodi mukuona kuti maringi omatirira angamasuke okha pa mtunda umenewu, kapena kuyenda nawo kungawonjezere kukanda khoma la silinda?